Matalala M'mimba mwa Kakowa

1. Kakowa akana kunyamuka

Inali 3 koloko masana, tsiku Lachinayi. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo kamphepo kouma kankangonyamula fumbi pakhonde ili n'kukalisiya pakhonde ilo. M'galaja yakale ya kuseri kwa sitolo ya utoto munkatentha ngati mu uvuni, koma atsikana anayi anali momwemo, atazungulira kakowa.

Kakowayo sanali wa kudambo. Anali wopangidwa ndi manja, wamtali kuposa chitseko cha galajayo, moti khosi lake ankachita kulipinda. Miyendo inali ya mipini ya matsache akutha, mapiko a makatoni, ndipo nthenga zake, mazanamazana, zinali zodulidwa ku mapepala oyera otayidwa m'maofesi. Amene anazidula imodziimodzi kwa miyezi iwiri anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Aliyense ankamutcha Kasizasi, chifukwa sizasi sinkachoka m'thumba la yunifolomu yake.

Kunali kutatsala masiku awiri kuti perete achitike. Sanali perete wa apolisi kapena wa andale. Anali wa anthu a m'deralo, wokonza okha. Chaka chilichonse msewu uliwonse unkapanga chinthu chake chachikulu, kaya nyama, kaya mbalame, n'kuchinyamula ndi nyimbo kuchokera pabwalo la sukulu, kudutsa pamlatho, kukafika kumsika.

Chilichonse chinkayenera kukhala chotola, osati chogula. Injini sinkaloledwa, chomwe mwapanga munkanyamula nokha. Ndipo pofika 4 koloko madzulo, msewu ndi kamtsinje ka pansi pa mlatho zinkayenera kukhala zoyera kuposa mmene zinalili m'mawa. Lamulo limeneli linalembedwa pa chikalata cha chilolezo chochokera ku khonsolo ya mzinda. Dera loyandikana nawo linali litalandidwa kale chilolezo chifukwa chosiya mabotolo m'ngalande. Chaka chino amene anasaina chikalatacho m'malo mwa dera lonse anali amayi ake a Kasizasi, omwe ntchito yawo inali yosesa m'misewu.

“Ndikawerenga katatu, tinyamule,” anatero Kasizasi.

Atsikanawo analowetsa mapewa pansi pa mitengo iwiri yonyamulira. Kakowa ananyamuka pang'ono, n'kupendama, n'kubwerera pansi.

“Iwe, mbalame yakoyi yadya njerwa, kapena yameza mwini sitolo?” anafunsa mnzake wapamtima, amene ankamutcha Wailesi poti pakamwa pake panalibe chotsekera.

“Ndi mapepala chabe.”

“Mapepala a nyuzi za chaka chonse, onyika m'phala la guluu. Ine phewa langa ndi limodzi mbali ino, ndipo ndikulifunabe.”

Anayesanso kawiri. Ulendo wachitatu anafika nayo pakhomo, wina n'kuyamba kulira kuti msana. Kuchokera kusukulu kukafika kumsika unali mtunda wa ola lathunthu. Kasizasi anakhala pa chitini cha utoto, n'kuyang'ana mimba ya mbalameyo. Anali ataidzaza mapepala opindapinda kuti ioneke yonona, ndipo guluu wa ufa atauma, mimbayo inalemera ngati thumba la simenti.

“A msewu wa kumtunda apanga nsomba ya zotsekera mabotolo,” anatero Wailesi. “Aiika pa wilibala. Ikuwala moti ungadziyang'anirepo. Ife tidzangoyenda pambuyo pawo tikuomba m'manja.”

Kasizasi anagogoda mimba ija ndi chala.

“Pokhapokha,” anapitiriza Wailesi, akutsitsa mawu, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri, “titapita kuseri kwa sitolo ya mipando. Atayako matumba atatu a matalala. Thumba lonse unganyamule ndi chala.”

Matalala ndi dzina lomwe ana a m'deralo anapatsa timipira toyera tija topepuka ngati thovu, tomwe amaika m'mapilo okhalira ndi m'makatoni a katundu wosweka.

2. Mawu a pakhonde

Pobwerera ndi matumbawo anadutsa pakhonde la sitolo ya nsalu, pomwe pankakhala mkulu wina wokonza maambulera. Dzina lake lenileni anthu anali ataliiwala. Ankangoti a Maambulera. Ndi iwo amene anapatsa Kasizasi mawaya a khosi la kakowa.

“Ana inu, mwanyamula chiyani chosakulemerani?”

“Zotola, Bambo,” anayankha Wailesi.

Mkuluyo anaika pansi pulaya. Anagwira thumba limodzi, n'kulifinya, n'kumva kulira kwake. Pa kabowo ka pakona panatuluka timipira tiwiri, n'kukakamira pa dzanja lawo.

“Izi zikupita m'mimba mwa mbalame ija?”

Kasizasi anagwedeza mutu kuvomera.

“Khalani pansi. Sindikuchedwetsani. Ine ndisanayambe za maambulerazi ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba yosungiramo katundu. Tsiku lina thumba ngati limeneli linaphulika titaliponya kuchokera pa lole. Limodzi lokha. Tinalipo amuna asanu ndi mmodzi, ndipo tinasesa sabata yathunthu. Ukati uike tsache apa, iwo athawira uko. Ukati uwole ndi manja, akukakamira ku malaya. Mwezi utatha ndinkawapezabe m'thumba la buluku, m'kapu ya tiyi, ngakhale m'khutu. Mlonda wathu anali ndi nkhuku zake kuseri kwa mpanda. Zinkatola zikuyesa mpunga. Zinafa zitakhuta, mwanawe, chithokomiro chili tho, koma mopanda chakudya.”

“Koma ndi zotola, Bambo,” anatero Kasizasi. “Lamulo likuti zotola. Tikazisiya uko ndiye kuti zikatayidwa basi. Si bwino tizigwiritse ntchito?”

“Lamulo likuti zotola, eya. Ndinalipo polipanga. Koma zotola zili pawiri. Pali chomwe chikagwa umawerama n'kuchitola, monga botolo, katoni, waya. Ndiye pali chomwe unachipeza chili m'thumba, koma chikangotuluka m'thumbamo palibenso munthu angachibwezeremo. Chotere sapita nacho pagulu. Sapita nacho pamphepo. Makamaka sapita nacho pamlatho. Sichiola, sichimira, sichisungunuka. Iwe udzakalamba ngati ine, icho chikadali mwana. Kamtsinje kaja takhala tikulowamo Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri, ena mpaka kuchekeka mapazi ndi magalasi. Amayi ako ndi amene amatidzutsa. Usakaike ntchito yonseyo m'mimba ya pepala.”

“Nanga tipange bwanji? Mbalame sikunyamuka.”

“Bweretsani kuno mawa. Tiing'ambe pamimba, tichotse mapepala onse, ndiike nthiti za mawaya ngati za ambulera. M'kati muzikhala mpweya basi. Idzapepuka.”

“Nanga nthenga?”

“Theka la nthenga lichoka. Zina tibwezeretsa, zina nthawi sitilola. Idzaoneka ngati nkhuku yothothoka, koma idzafika kumsika.”

Wailesi anaphulika n'kuseka. “Nkhuku yothothoka pambuyo pa nsomba yowala. Ine tsiku limenelo ndidzadwala malungo.”

A Maambulera sanaseke. “Kuthothoka si imfa. Nthenga zimamera chaka chamawa. Bwezani matumbawo komwe mwawatenga, muwauze a sitolowo awamange bwino pakamwa.”

“Tamva, Bambo,” anatero Kasizasi, maso ali pansi.

Ananyamula matumba aja n'kulowera njira ya ku sitolo ya mipando. Atakhota pakona pomwe mkuluyo sakanatha kuwaona, Kasizasi anaima. Anayang'ana zala zake, zomwe zinali ndi matuza a sizasi. Kenako anatembenukira kanjira ka kuseri kopita ku galaja.

“Ndimadziwa,” anatero Wailesi. “Akuluakulu amaopa ngakhale mthunzi wawo.”

3. Kabowo ka pansi pa mchira

Ntchitoyo anaigwira awiri okha. Kasizasi anadula kabowo pansi pa mchira, pomwe panalibe nthenga zambiri, kongokwana mkono. Anatulutsa mapepala ouma aja chibumachibuma mpaka mikono inachita zilonda. Atatha, anagoneka mbalameyo chagada, n'kupinda katoni ngati fanulo, n'kuyamba kuthira matalala.

“Bwanji osalowetsa ndi thumba lomwe?” anafunsa Wailesi.

“Silingakwane pabowo. Ndikakulitsa bowo, nthenga zichoka.”

Matumba onse atatu anathera m'menemo. Mimba inanonanso ngati kale. Pabowopo Kasizasi anamata mapepala ndi guluu wa ufa. Mwa masiku onse ankamata mapepala kasanu ndi kamodzi, kudikira lina liume asanaike linzake. Tsikuli anamata kawiri, Lachisanu m'mawa asanapite kusukulu n'kuwonjezera kamodzi, kenako n'kuphimba ndi nthenga.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, amayi ake anafika ku galaja poweruka kuntchito, akadali m'chovala chawo chowala chachikasu. Monga wapampando wa komiti ya perete, ankayendera msewu uliwonse kuona zomwe zapangidwa.

Atsikana anayi aja analowetsa mapewa. Kakowa ananyamuka ngati kuti wakhala akudikira. Anamuzunguza, anamuvinitsa, khosi likugwedera uku ndi uku.

Amayi aja anagwira pakamwa. Sanali munthu woseka pafupipafupi, koma tsikulo mano anaoneka.

“Dzulo ndinamva kuti yakanika. Mwaitani?”

Wailesi anatsegula pakamwa, koma Kasizasi anamupondako phazi.

“Tangochotsamo mapepala ena, Amayi.”

“M'katimo mwatsala chiyani?”

“Mapepala omwewo. Ochepa.”

Amayiwo anasisita nthenga za pakhosi ndi kuseri kwa chala, ngati akuopa kuzidetsa. Atsikana ena atapita, anakhala pa chitini cha utoto n'kuvula nsapato imodzi kuti phazi lipume.

“Mwana wanga, ndikuuze. Kuofesi ya khonsolo kuja ndalowako zaka khumi ndi zinayi, koma polowera pathu ndi kuseri, kotengera matsache. Anthu aja akandiona amaona tsache likuyenda. Tsiku losaina chikalata chija ndinalowera kutsogolo. Anandipatsa mpando. Anandipatsa cholembera, n'kunena kuti, ‘Mayi, mukasaina apa ndiye kuti mwasenza dera lonse.’ Ndinasaina. Ndinawauza kuti anthu akwathu ndi osauka koma si auve. Ndiye mawa uwauze anzako, ngakhale kapepala ka switi kasagwe. Chikagwa chilichonse, wina awerame. Perete ameneyu ndi chinthu chokhacho chomwe dera lino lili nacho chomwe silinachite kupempha.”

“Ndamva, Amayi.”

Pamene ankatseka galaja, Kasizasi anaona kampira kamodzi koyera katakakamira pa siketi yake. Anakachotsa msanga, n'kukabisa m'dzanja mpaka kunyumba.

4. Pamlatho

Loweruka kunacha ndi mitambo. Pofika 9 koloko bwalo la sukulu linali litadzaza. Panali ng'oma za zigubu ndi mabeseni obooka, maseche a zotsekera mabotolo, ndi malipenga a mapaipi. Amayi ogulitsa masamba anavala madiresi a matumba a anyezi. Okonza njinga anapanga njoka ya matayala yotalika ngati basi. Kumbuyo kwenikweni kunali gulu la otola, aliyense ndi thumba ndi tsache, ndipo amayi a Kasizasi ndi amene ankalitsogolera.

Kakowa atalowa pabwalo, khosi litawongoka koyamba, anthu anasiya kuyang'ana nsomba ija. Ana anathamangira kwa iye. A komiti anagwirizana kuti ndi amene atsogolere perete.

“Wamva?” anatero Wailesi, yemwe ananyamula kutsogolo kumanja. “Nkhuku yothothoka ikanatsogolera ndani?”

Ananyamuka. Anthu anaima m'makonde, ena pamwamba pa nyumba zosanja. Atsikanawo ankati akathamanga pang'ono n'kuima, mapiko n'kumakupiza okha. Podutsa pa sitolo ya nsalu, Kasizasi anaona a Maambulera ataima pakhonde pawo. Anthu onse ankayang'ana kumutu kwa mbalameyo. Iwo okha ankayang'ana pamimba.

Cha m'ma 11 koloko kunagwa kamvula. Sikanali koopsa, kowaza chabe, ndipo sikanathe ngakhale mphindi khumi. Anthu anakalandira ndi nthungululu poti kanaziziritsa msewu. Koma madzi anatsetsereka pamsana pa kakowa, n'kutsata nthenga, n'kukasonkhana pansi pa mchira.

Kasizasi ananyamula kumbuyo, choncho ndi iye anayamba kuona. Nthenga za pabowo paja zinali zitalendewera. Pepala linali litasanduka lotuwa, likufufuma ngati chithupsa.

“Wailesi, tiime.”

“Chiyani?”

“Tiime, titsitse.”

“Pano? Mlatho ndi uwu. Anthu onse ali pamlatho. Tikatsitsira kutsidya.”

Ng'oma zinali pambuyo pawo penipeni, ndipo gulu lonse linkawakankha. Kasizasi anayesa kugwira pabowopo ndi dzanja limodzi, koma sanafikire. Akanatha kuchotsa phewa, mbalame n'kutera pamsewu pomwe panali pouma ndi potchingika ndi nyumba. Anayang'ana anthu omwe ankaomba m'manja pamlatho, n'kupitiriza kuyenda.

Pamlatho panalibe nyumba zotchinga mphepo. Atafika pakati, mphepo inalowa pansi pa mapiko n'kukweza mbalameyo, kenako n'kuigwetsera pa mitengo yonyamulira.

Poyamba matalala anatuluka pang'onopang'ono, ngati mchere wa m'botolo. Ana anakuwa mokondwa, akuyesa kuti ndi mbali ya masewerowo. Ena anati kakowa waikira mazira. Kenako pepala lonse linang'ambika, ndipo matumba atatu aja anakhuthuka nthawi imodzi.

Mphepo inawalandira. Anauluka pamwamba pa mitu ya anthu, analowa m'tsitsi, m'ng'oma, m'mabasiketi a ogulitsa. Ambiri anadutsa m'mipata ya zitsulo za mlatho n'kutera pamadzi. M'kanthawi kochepa kamtsinje kanayera kuchokera gombe lino mpaka linalo, ndipo kuyerako kanayamba kuyenda nako kumunsi.

Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Yomaliza inali ya kumbuyo, kwa otola, komwe anali asanaone.

5. Tsache likanika

Palibe anafika kumsika tsiku limenelo. Nsomba inasiyidwa pambali pa msewu, njoka ya matayala inagona pomwe inali. Amayi a Kasizasi anapyola m'gulu, n'kuima pa zitsulo za mlatho, n'kuyang'ana pansi kwa kanthawi. Anayang'ana wotchi ya pa foni.

“Tili ndi maola anayi ndi theka. Amene ali ndi masikito akale akatenge. Amene ali ndi sefa akatenge. Amuna lowani m'madzi kumunsi, mutchinge.”

Anthu anathamanga. Dera lonse linagwira ntchito monga linali lisanagwirepo. Koma zinali monga ananenera mkulu uja. Tsache likafika, matalala ankathawa. Wina akadzaza fosholo, mphepo inkamulanda asanafike pa thumba. Pa msewu wonyowa ankakakamira m'ming'alu ya phula, moti amayi ankachita kuwatola ndi zikhadabo, atagwada.

M'madzi ndiye zinali zoposa. Amuna anatambasula masikito kuchokera gombe lino mpaka linalo, madzi ali m'chiuno. Anakola ambiri, koma masikito akalemera ndi zinyalala za mvula ankamira pakati, matalala n'kudutsa pamwamba. Ena analowa m'bango ndi m'mizu ya m'mbali. Ena anali atapita kale kutali, kumadera a anthu ena.

Kasizasi analowa m'madzi ndi sefa, siketi ili chinyowere. Palibe anamuyankhula. Palibenso anamukalipira, poti ambiri ankayesa kuti ndi ngozi chabe. Wailesi anasefa nawo kwa ola limodzi, kenako anati akukatenga ndowa kunyumba, ndipo sanabwerenso.

A Maambulera anali pagombe, atapinda buluku, akulandira ndowa n'kumathira m'matumba. Kasizasi atawapatsira sefa yake, anaikhuthula n'kumubwezera.

“Uzisefa motsata madzi, osati molimbana nawo,” anatero. Kasizasi akanakonda akanamutukwana.

Nthawi itakwana 4 koloko, kunafika bambo wa ku khonsolo pa njinga yamoto. Anali munthu wofatsa, wa imvi pang'ono, ndipo ankadziwana ndi amayi a Kasizasi. Anayenda pamlatho mwakachetechete. Anatsikira kugombe, n'kuyenda mpaka pokhota, n'kujambula zithunzi. Pobwera, nsapato zake zinali zitayera ndi timipira.

“Mwatolapo matumba angati, Mayi?”

“Limodzi ndi theka.”

“Analipo angati?”

Amayiwo anatembenukira kwa mwana wawo. Anthu onse anatembenukira komweko.

“Atatu,” anatero Kasizasi, mawu akumveka pang'ono.

Bamboyo analemba. “Ndaona mmene mwagwirira ntchito, ndipo ndikalemba zimenezonso. Koma chikalata sichinena za khama. Chikuti 4 koloko. Anthu a kumunsi aimba kale foni kuofesi. Ndipatseni chilolezo chija.”

Amayiwo anatulutsa chikalatacho m'kathumba ka pulasitiki komwe anakabisa pachifuwa kuopa mvula. Chinali chouma, chosapindika ngakhale pakona. Anachipereka ndi manja awiri.

“Chaka chamawa?” anafunsa mkulu wa okonza njinga.

“Dera lolandidwa chilolezo limadikira zaka zitatu. Mukudziwa kale.” Bamboyo anaika chikalatacho m'chikwama. “Lachitatu 8 koloko komiti yanu ibwere kuofesi, pamodzi ndi amene anapanga mbalameyo. Akafuna kudziwa ngati wosaina ankadziwa zomwe zinali m'kati. Inu, Mayi, ndinu wantchito wathu, ndiye kapitawo wanu adzakhalaponso. Sindikukuopsezani. Ndangoti mudziwiretu.”

Njinga yamoto itapita, anthu anaimabe kwa kanthawi, manja ali lende. Kenako anayamba kubalalika awiriawiri. Mwana wina wamng'ono anafunsa amayi ake kuti zaka zitatu ndi mawa lingati.

6. Funso la Amayi

Pamlatho panatsala anthu awiri ndi kakowa. Mbalameyo inali itagona cham'mbali, mimba ili pululu, nthenga zitamatana ndi matope.

Amayi a Kasizasi anakhala pa chitsulo cha m'mbali n'kuyamba kuchotsa timipira pa mikono yawo.

“Dzulo ndinakufunsa za m'kati.”

“Eya, Amayi.”

“Unati mapepala.”

“Eya.”

“Sunadziwe kuti zimenezi sizitoleka?”

Apa panali pothawira. Kasizasi akanati sanadziwe, ndipo palibe akanamutsutsa, poti a Maambulera sanali munthu woyenda ndi nkhani. Anayang'ana zikhadabo za amayi ake, zomwe zinali zitathyoka ndi phula.

“Ndinadziwa. A Maambulera anandiuza Lachinayi. Anati ndibweze matumbawo, iwo akonza ndi mawaya. Ndinaopa kuti nthenga zichoka.”

Amayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

“Ukanalakwa posadziwa, ndikanati ndi ubwana, tonse tinadutsamo. Koma unauzidwa, n'kubisa, n'kundiyang'ana m'maso. Ine ndinasisita mbalame ija ndi dzanja langa. Ndikanadziwa dzulo, tikanaisiya m'galaja, iwe ukanalira tsiku limodzi, perete n'kufika kumsika. Tsopano taona. Ana amene anaphunzira ng'oma chaka chino adzaimbanso ali ndi ndevu. Amayi aja asoka matumba a anyezi mwezi wathunthu, sanavine ngakhale theka la njira. Sunabe kanthu, sunamenye munthu, koma walanda anthu chinthu chomwe sungawabwezere. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Ine sindikumenya. Ndilibe mphamvu zake.”

Kasizasi analira mosatulutsa mawu. Amayi ake anamusiya alire, osamugwira, osamuletsa.

“Lachitatu akakufunsa,” anapitiriza. “Ukanena kuti ine sindinkadziwa, dera lonse lidziwa kuti unanama, ndipo udzayenda m'misewu muno ndi dzina limenelo. Ukakhala chete, aziti ndinkadziwa, ndipo tsache andilanda. Sindikuuza choti ukanene. Dzulo unasankha wekha, ukasankhenso wekha.”

“Amayi, nanga Wailesi?”

“Wailesi ali ndi amayi ake.”

Anaimirira movutikira, atagwira bondo. Anatulutsa chovala chachikasu chija m'thumba, n'kuchikutumula, n'kuchivala. Kuti apezeke pa perete anali atasinthana nthawi ya ntchito ndi mnzawo, ndipo msewu wa kumsika unali kuwadikira kuyambira 5 koloko.

“Mbalameyi isagone pamlatho. Uikokere ku galaja, uphwasule. Mawaya ubweze kwa eni ake. Mapepala uike padera, makatoni padera.”

“Ndekha?”

“Tsopano yapepuka.”

Anatola tsache lawo, n'kuligogoda pa chitsulo kuti timipira tigwere m'thumba, n'kumanga thumbalo pakamwa kawiri. Kenako anawoloka mlatho. Atafika tsidya linalo, pomwe pankayambira gawo lawo, anawerama n'kuyamba kusesa kuchokera m'mphepete mwa ngalande kulowera kumsika.